Cookie Si Bisiketi Ai

Anzanga, cookie ndi kakalata kamene tsamba la pa intaneti limasiya m'browser kuti likukumbukireni. Lou Montulli ndiye anakayambitsa m'caka ca 1994.

Cionetsero ca kalabu yathu citayandikira, tsamba limene ndinapanga linali kuiwala cinenero cimene munthu wasankha. Bvuto linali lakuti document.cookie imapereka ma cookie onse mumzera umodzi wautali, ndipo pofuna kufafaniza imodzi muyenera kuipatsa tsiku lakale.

Aphunzitsi anandionetsa js-cookie, kamtolo ka malamulo a JavaScript olembedwa kale. Tsopano ndilemba Cookies.set posunga, Cookies.get powerenga, ndi Cookies.remove pofafaniza. Ndikaonjeza expires: 7, cookie ikhala masiku 7.

Koma cenjerani, musasungemo mau acinsinsi, pakuti ali yense wogwira kompyutayo angathe kuwawerenga.