ASANAGULE RAUTA, WOSEWERA AYAMBE WADZIWA CIMENE CIKUDWALA

Kabokosi kamene kamagawira intaneti m'nyumba popanda mawaya kasanduka nkhani ya banja lonse m'mizinda ya Lusaka, Kitwe, Ndola ndi Chipata. Dzina lace ndi rauta. Anyamata ndi atsikana amene amasewera mpira kapena nkhondo za pa kanema ndi anzao okhala kutali amakaimba mlandu kabokosi kameneka masewera akangoyamba kudukiza, ndipo makolo, amene ndiwo otulutsa ndalama, amauzidwa kuti mankhwala ace ndiwo kugula kena kodula koposa, kokhala ndi tinyanga tambiri ndi nambala yaikulu yolembedwa pa katoni. Nthawi zina uphungu umenewu umakhala woona. Kawiri-kawiri suli woona, ndipo banja limataya ndalama kuciza ciwalo cimene sicinali kudwala.

Coyamba cofunika kumveka ndi cakuti masewera safuna intaneti yocuruka. Pamene munthu ali kusewera, makina ace amatumiza timauthenga tating'ono-ting'ono kambiri-mbiri pa sekondi imodzi, tonena kuti wakhotera kumanzere, wamenya mpira, kapena waomba mfuti. Timauthenga timeneti ndi topepuka kotero kuti masewera ambiri safika ngakhale pa megabiti 1 pa sekondi, pamene kanema wa pa YouTube amadya kuposa apo kangapo. Cimene cimapha wosewera ndi kucedwa kwa uthenga pa ulendo wace wopita ku kompyuta yaikulu yoyendetsa masewerawo, imene amati seva, ndi kubwerakonso. Ulendo umenewu osewera amati ping, ndipo umayesedwa m'mamilisekondi, ndiye kuti sekondi imodzi yogawidwa m'zigawo 1,000. Masewera oonetsa zithunzi 60 pa sekondi amasintha cithunzi pa mamilisekondi 17 alionse. Tero munthu amene ping yace iri 170 amaona zimene zinacitika zithunzi 10 zapitazo, ndipo pamene iye akuti wabisala kuseri kwa khoma, mnzace anamuomba kale.

Nambala yaikulu ya pa katoni imanena za kukula kwa mseu, osati za kutalika kwa ulendo. Mseu wa Great East ungakuzidwe kuti malole anai adziyenda motsatana m'mbali, koma Chipata sangasendere kufupi ndi Lusaka kaamba ka ico.

Mtunda

Gao lalikulu la ping limabadwira kunja kwa nyumba, kumene rauta iribe ulamuliro. Dziko la Zambia liribe nyanja yamcere, motero uthenga wopita kutsidya umayenda m'zingwe za galasi zokwiriridwa pansi, kupyola maiko oyandikana nalo, kufikira utalowa m'zingwe za pansi pa nyanja monga Seacom ya mu 2009, EASSy ya mu 2010 ndi WACS ya mu 2012. Kuwala kumayenda m'galasi makilomita pafupi-fupi 200 pa milisekondi imodzi, ndipo palibe sitolo yogulitsa cinthu cokufulumizitsa. Johannesburg ali pa mtunda wa makilomita ngati 1,200 kucokera mu Lusaka, ndiye kuti ulendo wopita ndi kubwera sungacepe kuposa mamilisekondi 12. London ali pafupi makilomita 8,000, ndipo ulendo wace sungacepe kuposa 80. Popeza zingwe siziyenda molunjika ngati ndege, ndiponso uthenga umaima pa malo ambiri m'njira, nambala zeni-zeni zimakhala zokwera kuposa izi.

Pa cifukwa cimeneci, thandizo loyamba silifuna ngakhale ngwee imodzi. Kampani ya Microsoft inatsegula nyumba za maseva ku Johannesburg ndi Cape Town mu 2019, ya Amazon inatsatira ku Cape Town mu 2020, ndipo masewera a kampani ya Valve monga Dota 2 ndi Counter-Strike ali ndi maseva ku South Africa. Wosewera amene alowa m'malo osankhira zinthu m'masewera ace nasankha seva ya kufupi angapindule koposa mnzace amene wagula rauta yodula koma akali kusewera pa seva ya ku Ulaya.

Akulu-akulu amene anaimbapo lamya kunja kwa dziko kupyolera pa siteshoni ya Mwembeshi, imene inatsegulidwa mu 1974, akumbukira kacete kaja kokhala pakati pa funso ndi yankho. Mau anali kukwera ku setilaiti ya pa mtunda wa makilomita pafupi-fupi 36,000 m'mwamba, ndi kutsikanso. Intaneti yoyenda m'njira yotere imacedwa theka la sekondi kapena kuposa, ndipo siyenera masewera othamanga. Masetilaiti a Starlink, amene anayamba kutumikira dziko lino mu Okutobala 2023, amazungulira pa makilomita ngati 550 cabe, tero kucedwa kwao ndi kocepa kwambiri. Koma mbale yace imafuna thambo loyera, ndipo nthambi ya mtengo wa mango yochinga kumwamba iri yokwanira kudula masewera pakati.

Mzere wa pa cigayo

Pali matenda amodzi amene rauta yabwino imacizadi, ndipo ndiwo amene amavuta nyumba zambiri madzulo. Atate ali kuonera nkhani, amai ali kutumiza zithunzi za ukwati kwa acibale pa WhatsApp, mlongo wina ali kukopera kanema, ndipo onsewa adzera pa khomo limodzi. Rauta wamba imaika mauthenga onse pa mzere umodzi, wofika poyamba napita poyamba, monga momwe zimakhalira pa cigayo pamene mwana wonyamula kambale ka cimanga aima kumbuyo kwa munthu wobwera ndi matumba khumi. Kauthenga ka wosewera ndi kakang'ono, koma kayembekeza kufikira matumba onse atagayidwa. Apa ndipo ping imalumpha kucokera pa makumi ocepa kufika pa mazana, ngakhale kuti intaneti ya nyumbayo iri yamphamvu.

Katswiri wina wa ku America, Jim Gettys, anapatsa vuto limeneli dzina lakuti bufferbloat mu 2010. Mu 2012 Kathleen Nichols ndi Van Jacobson anatulutsa njira yofupikitsira mzerewo, ya dzina lakuti CoDel, ndipo pambuyo pace panabadwa zina ziwiri, fq_codel ndi CAKE, zimene zimapatsa aliyense mzere wace ndi kulola wa kambale kudutsa msanga. Pa marauta njira zimenezi zimapezeka pansi pa zilembo SQM. Wogula acenjere, pakuti zilembo zina zakuti QoS zimalembedwa pa makatoni ambiri, koma tanthauzo lace limasiyana kampani ndi kampani, ndipo pa marauta ena siziciza matendawa konse. Marauta amene amalola pulogramu yaulere ya OpenWrt angapatsidwe SQM ngakhale sanabwere nayo.

Kuyesa ngati nyumba iri ndi vutoli sikuvuta. Munthu aone ping yace pamene onse agona, ndipo aionenso pamene wina ali kutumiza kanema wamkulu. Ngati kusiyana kuli kwakukulu, wapeza mdani wace. Pochera SQM, amayesa liwiro leni-leni la intaneti ya m'nyumbamo nalembamo nambala yotsikirapo pang'ono, monga magao 90 pa 100, kuti mzere udzipangika mu rauta momwe ungalamulidwe. Pa intaneti ya cingwe ca galasi izi zimayenda bwino. Pa rauta yoikamo kakhadi ka foni, ya 4G kapena ya 5G imene kampani ya MTN inayambitsa m'dziko muno mu Novembala 2022, liwiro limasintha-sintha malinga ndi unyinji wa anthu a pa nsanja imodzi, tero nambalayo iyenera kutsitsidwa koposa. Nsanja ikadzala madzulo, palibe kabokosi ka m'nyumba kamene kangaipungule.

Cinthu cochipa koposa zonse ndico cimene cimanyozedwa koposa, mwina cifukwa wogulitsa sapindula naco kweni-kweni: cingwe ca Ethernet. Ca mtundu wa Cat5e kapena Cat6 cimanyamula uthenga kufikira mamita 100 popanda kusokonezedwa ndi khoma kapena mnansi. PlayStation 5 ndi Xbox Series X ndi S zonse ziri ndi pobaya cingwe cimeneci, monganso makompyuta a pa tebulo. Mwini makina otere amene alola cingwe kukhomeredwa m'mbali mwa khoma wathetsa theka la madandaulo ace, ndipo cimene ayenera kuona pa rauta ndi cakuti mabowo ace ndi a gigabiti.

Koma osewera ambiri a kuno amasewerera pa foni, ndipo kwa iwo mphepo ndiyo njira. Rauta yoyenera ikhale ya mafunde awiri, a 2.4 GHz ndi a 5 GHz. Oyambawo amapyola makoma bwino, koma ali ndi tinjira titatu cabe tosalowana, 1, 6 ndi 11, ndipo amalimbirana malo ndi Bluetooth, ndi mbaula ya microwave, ndi marauta onse a anansi. M'mafulati ndi m'makomboni momwe nyumba ziri zogundana, mafunde amenewa amakhala ngati msika wa Soweto tsiku Loweruka. A 5 GHz ali ndi malo ambiri, koma amafooka msanga akakumana ndi njerwa kapena mabuloko a simenti. Wosewera akhale pa 5 GHz, kufupi ndi rauta, ndipo rautayo iikidwe pamwamba, pakati pa nyumba, poyera, osati m'kabati ya mbale kapena kuseri kwa wailesi ya kanema. Tumabokosi tobwereza mafunde, tobayidwa pa khoma la cipinda ca kutali, timafikitsadi intaneti kumeneko, koma timaonjeza kucedwa.

Za mibadwo ya Wi-Fi sizifuna mau ambiri. Wi-Fi 6 inafika mu 2019, ndipo Wi-Fi 7 mu 2024, koma rauta singapereke cimene makina olandira sadziwa. PlayStation 5 ya mu 2020 imamva Wi-Fi 6, pamene Xbox Series X imathera pa Wi-Fi 5. Nambala monga AX3000 ndi kuphatikiza kwa mafunde onse awiri, ndipo palibe foni imodzi imene idzalandira zonsezo. Woitanitsa rauta kucokera kunja akumbukirenso kuti zipangizo za mauthenga zimabvomerezedwa ndi bungwe la ZICTA, ndi kuti rauta ya kakhadi yogulidwa ku dziko lina ingakhale yomangidwa ku kampani ya komweko.

Vuto lina limaoneka pamene wosewera alephera kulowa m'gulu la anzace kapena kumva mau ao. PlayStation ikalemba kuti NAT Type 3, kapena Xbox ikalemba kuti Strict, ndiye kuti khomo la nyumbayo liri lotsekeka kwa ocokera kunja. Nthawi zina cocititsa ndi marauta awiri olumikizidwa motsatana, ya kampani ndi yogula mwini, ndipo mankhwala ace ndiwo kusandutsa imodzi kukhala mlatho cabe. Nthawi zina ndi kampani imene yagawira makasitomala ambiri keyala imodzi ya pa intaneti, monga amacitira makampani ambiri a mafoni. Pamenepo kugula rauta yatsopano sikuthandiza, ndipo funso liyenera kupita kwa kampaniyo.

Cotsala ndi magetsi. Cilala ca mu 2024, cimene cinatsitsa madzi a ku Kariba, cinasiya nyumba zambiri mu mdima maola ambiri pa tsiku, ndipo mabanja anaphunzira kuti foni yodzala moto iribe nchito ngati rauta yazima. Marauta ambiri a m'nyumba amayendera mavoti 12 ndipo amadya magetsi ocepa ngati babu laling'ono, tero kabatire kopangidwira nchito imeneyi kangawasunge amoyo kwa maola angapo. Rauta zazikulu za tinyanga tambiri zimamaliza batire msanga. Wogula atembenuze rauta ndi kuwerenga kapepala ka pansi pace kuti mavoti agwirizane ndi a batire, ndipo wa cingwe ca galasi asaiwale kuti kabokosi ka kampani ka pa khoma nakonso kamafuna moto. M'dzinja mphenzi imalowera m'mawaya niocha zipangizo zotere, motero pafunika cochinjiriza pa soketi, ndipo asanalipire, wogula afunse mwini sitolo ngati cikalata ca citsimikizo cimakhudzanso rauta yoochedwa ndi mphenzi.