Somnambulism: Munthu Angayende Bwanji Ali M'tulo?

Mawu akuti somnambulism ndi aatali moti akhoza kukuopsezani, koma tikawadula pakati savuta ayi. Amachokera ku mawu awiri a Chilatini: somnus, kutanthauza tulo, ndi ambulare, kutanthauza kuyenda. Ndiye somnambulism ndi kuyenda uli m'tulo, basi. Pocheza wamba, olankhula Chingerezi amangoti sleepwalking. Somnus yemweyu mumupezanso m'mawu akuti insomnia, vuto losowa tulo. Nayenso ambulare ndi amene anabala dzina loti ambulansi, lomwe poyamba linkatanthauza chipatala choyenda ndi asilikali kunkhondo.

Nanga zimatheka bwanji kuti munthu agone koma miyendo ikugwira ntchito? Apa ndi pomwe physics ikulowerera. Maselo a muubongo amatumizirana mauthenga pogwiritsa ntchito magetsi ochepa kwambiri. Makina otchedwa EEG amajambula magetsiwa ngati mafunde. Woyamba kujambula mafunde a muubongo wa munthu anali dokotala wa ku Germany, Hans Berger, m'chaka cha 1924.

Mukukumbukira frequency, kuchuluka kwa mafunde pa sekondi imodzi? Mukakhala phee mutatsinzina koma muli maso, mafundewa amakhala pakati pa 8 ndi 12 Hz. Mukafika m'tulo tofa nato, amatsika mpaka pansi pa 4 Hz. Kuyenda m'tulo kumayambira m'tulo tofa natoti, makamaka m'maola oyambirira munthu atangogona. Mbali ya ubongo yoyendetsa thupi imadzuka, pomwe mbali zoganiza bwino ndi zosunga zinthu m'mutu zikadali m'mafunde apang'onopang'ono aja. N'chifukwa chake munthuyo amakhala atatong'ola maso, akhoza kutsekula chitseko, koma mukamufunsa amayankha zosamveka. Kukacha nthawi zambiri sakumbukira kalikonse.

Ambiri amaganiza kuti munthuyo akuchita zomwe akulota. Koma maloto ooneka bwino aja amabwera kwambiri m'gawo lina la tulo, lotchedwa REM, ndipo pa nthawiyi ubongo umafooketsa minofu ya manja ndi miyendo kuti tisadzuke n'kumathamanga.

Vutoli limachitika kwambiri mwa ana, ndipo ambiri amasiya akamakula. Limayendanso m'magazi: ngati kholo linkayenda m'tulo, mwana akhoza kutengera. Zina zomwe zimaliputa ndi kusagona mokwanira, nkhawa, kutentha thupi, mowa ndi mankhwala ena. Inu amene mumachezera kuwerenga mayeso akayandikira, mwamvatu.

Tsono mnzanu wa ku hositelo kapena mng'ono wanu akadzuka pakati pa usiku n'kumayenda ngati sakukuonani, musathamangire kunena kuti ndi ufiti. Mawu otero amapweteka ndipo amatha kumusalitsa munthu wosalakwa. Zoti mukamudzutsa amwalira ndi zabodzanso. Amangosokonezeka, mwina n'kukukankhani chifukwa cha mantha. Choopsa chenicheni ndi moto, chitsime, masitepe ndi msewu. Mugwireni dzanja modekha, mulankhuleni motsitsa mawu, n'kumubwezera pogona pake. Usiku zitseko zizikhala zokhoma, ndipo asamagone pa bedi lam'mwamba.

Zikamachitika pafupipafupi, kapena akadzivulaza, uzani makolo kapena aphunzitsi oyang'anira hositelo kuti apite naye kuchipatala. Matenda ena, monga khunyu, amathanso kuoneka chonchi usiku, ndipo amene angasiyanitse ndi achipatala.