Una wa Nkhanu M'mbali mwa Thuchila

Ife a kunyanja nkhanu timaidziwa ngati mdani wa asodzi: imadya chambo chokodwa mu ukonde usiku, mwini wake n'kudzapeza mutu ndi minga basi. Koma abale athu okhala m'mbali mwa mtsinje wa Thuchila, umene umachokera pa phiri la Mulanje n'kukathira mu Ruo, amaidziwa mwa mtundu wina. Kumeneko nkhanu ndi mmisiri wokumba.

Mukayenda m'gombe la mtsinje m'chilimwe mudzaona timauna tozungulira, pakhomo pake pali kamulu ka matope. Imeneyo ndiyo nyumba ya nkhanu. Una umatsika mpaka kukafika pa dothi lonyowa, pakuti nkhanu imapuma ndi ziwalo zonga za nsomba zimene siziyenera kuuma. Mtsinje ukaphwa mu October, moyo wake wonse umadalira chinyontho cha pansicho. Usiku imatuluka kukadya masamba ovunda ndi tizilombo takufa, ndipo nayonso imadyedwa ndi katumbu.

Ku nyanja ya mchere, monga m'matope a ku Quelimane, ziliko nkhanu zokumba mauna chimodzimodzi. Kusiyana kwake kuli pa kaberekedwe. Za kumeneko zimataya ana m'madzi akali tinthu tosaoneka bwino ndi maso, ndipo madzi amawatengera kutali. Yathuyi ayi. Yaikazi imafungatira mazira kumimba mpaka ataswa tinkhanu tathunthu, n'kutinyamulabe kwa kanthawi. Motero ana amakulira pomwe panakulira mayi wawo. N'chifukwa chake phiri limodzi limatha kukhala ndi mtundu wakewake: mu 2012 akatswiri analengeza za nkhanu ya m'timitsinje ta pa phiri la Mulanje, naitcha Potamonautes mulanjeensis.

Tsono taganizani, makolo anzathu, chimene chimachitika gombe likagumulidwa ndi okumba mchenga, oumba njerwa kapena olima dimba mpaka m'madzi. Mauna amakwiririka, ndipo palibe nyanja yodzabweretsa ana ena. Namondwe Freddy atasefukiritsa mitsinje ya ku Mulanje mu March 2023, madzi anakokolola magombe ambiri, ndipo gombe lopanda mizu ya bango ndi nsenjere silichedwa kugwa.

Sitikunena kuti anthu aleke kulima. Dimba ndilo limadyetsa banja m'chilimwe. Koma kusiya kamzere ka bango pakati pa munda ndi madzi sikungasaukitse munthu. Ndipo ana akamapita kukagwira nkhanu, tiwauze aitembenuze kaye. Ikakhala ndi mazira kumimba, aibwezere pa una wake.