Dothi m'Cakudya ca Nkhuku: Liti Lithandiza, Liti Liononga?

Masiku ano mabanja ambiri a m'boma la Mwanza, kwa Kanduku ndi kwa Govati komwe, aweta nkhuku zanyama zija zigulitsidwa zikakwana masabata 6. Popeza cakudya ca kusitolo ncodula, ena asanganiza okha madeya, cimanga ndi mtedza. Apa mpamene pabisala mdani wa mlimi, ndiye cuku.

Cimanga ndi mtedza zikasungidwa zisanaume zicita cuku, ndipo cukuco cibala ululu wochedwa aflatoxin. Ululu umenewu unadziwika m'caka ca 1960, pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya cakudya ca mtedza wocokera ku Brazil. Nkhuku ikamadya ululuwu pang'onopang'ono, ciwindi cake citupa, m'mimba simugaya bwino, ndipo cakudya cingopita pacabe, nkhuku osanenepa. Tsiku la msika mlimi apeza kuti ndalama zake zalowa m'madzi.

Akatswiri anafunafuna cothandiza, nacipeza m'nthaka. M'caka ca 1988 Timothy Phillips ndi anzace a ku Texas, ku America, anaonetsa kuti dothi lina losalala, la mtundu wa bentonite, likasanganizidwa m'cakudya licinjiriza anapiye ku ululuwo. Nchito yace iri yotere: dothilo liri ndi timapepala tating'onoting'ono tosanjikizana, ndipo ululu ukafika m'matumbo ukanirira pakati pa timapepalato. Motero sulowa m'magazi, koma uturuka pamodzi ndi zitosi. Muyeso umene anayesa unali wocepa, monga magalamu 250 m'thumba la makilo 50.

Koma cenjerani, alimi anzathu. Si dothi liri lonse licita nchito imeneyi. Dziko lathu liri ndi dothi loyera loumbira mbale ku Linthipe m'boma la Dedza, ndipo ku Feremu kuli mwala wonyezimira wochedwa vermiculite, koma zimenezi si bentonite ai. Musakakumbe dothi la pa culu kapena la kudambo ndi kuthira m'cakudya, cifukwa lingakhale ndi mazira a njoka za m'mimba ndi zina zoipa. M'caka ca 1997 ku America komweko nyama ya nkhuku inapezeka ndi ululu wina wochedwa dioxin, umene unacokera m'dothi losanganizidwa m'cakudya cao. Ngakhale dothi labwino lomwe, likacuruka ligwiranso zakudya zina ndi mankhwala amene nkhuku ikadapindula nao.

Tsono citani izi. Poyamba, umitsani cimanga ndi mtedza kufikira njere ilira "khe" poiluma. Kaciwiri, sankhani njere zoola ndi kuzikwirira. Musazipatse nkhuku, musaziphikenso, pakuti moto suupha ululuwu. Kacitatu, sanjikani matumba pa thandala, asakhudze pansi kapena cipupa, makamaka nthawi ya dzinja. Kacinai, mukafuna dothi locinjiriza, gulani loyesedwa kale kwa ogulitsa mankhwala a ziweto, ndipo tsatani muyeso wolembedwa pa thumba.

Dothi lithandiza, koma silisandutsa cimanga coola kukhala cabwino. Musanayambe, kaonaneni ndi mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu. Paja akuru anati, safunsa anadya phula.