Mankhwala Oloŵa M'malo ndi Kuyendetsa Galimoto

Msewu wa M1 umadutsa m'boma la Ntcheu, ndipo pa Lizulu, pa mphambano ya ku Tsangano ndi pa Kampepuza malonda amachitikira m'mphepete mwenimweni mwa msewu. Pa malo otereŵa dalaivala akangosinza pang'ono, miyoyo yambiri imatayika. N'chifukwa chake lamulo la pamsewu la m'chaka cha 1997 limaletsa kuyendetsa galimoto munthu ataledzera ndi moŵa kapena mankhwala ogonetsa. Funso nali: kodi wodwala amene akulandira mankhwala oloŵa m'malo ali m'gulu la oledzera?

Mawu akuti "mankhwala oloŵa m'malo" akuimira metadoni ndi bupurenofini, amene dokotala amapereka kwa munthu wogwidwa ndi chibaba cha heroini kapena mankhwala ena a mtundu wa mofini. Njirayi anaiyambitsa ndi Vincent Dole ndi Marie Nyswander ku New York m'zaka za m'ma 1960. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika mankhwala aŵiriŵa pa mndandanda wa mankhwala ofunikira m'chaka cha 2005, ndipo chipatala cha Muhimbili ku Dar es Salaam chinayamba kupereka metadoni m'chaka cha 2011.

Mphamvu ya heroini imakwera msanga ndi kutha msanga, koma metadoni amakhalitsa m'thupi, kotero kuti amamwedwa kamodzi pa tsiku. Thupi likazoloŵera mlingo umodzi, chibaba chimazilala, ndipo kaŵirikaŵiri wodwala sasinza. Pa chifukwa ichi ku Britain wodwala wotere angathe kulandira laisensi, malinga akhale m'manja mwa dokotala ndi kupimidwa chaka ndi chaka.

Komabe zilipo nthaŵi zimene wodwala sayenera kugwira chiwongolero. Yoyamba ndi masabata oyambirira, pamene mankhwala akuunjikana m'thupi, ndiponso masiku otsatira kusintha kwa mlingo. Yachiŵiri ndi pamene waphatikiza mankhwalaŵa ndi moŵa kapena mapiritsi ogonetsa monga diazepam, pakuti tulo timakula ndipo mpweya umachepa. Yachitatu ndi pamene mankhwala achepa m'thupi, pakuti apo munthu amanjenjemera, amatuluka thukuta ndipo maganizo sakhazikika. Izi zimachitika akadumphitsa tsiku, kapena akayamba kumwa rifampicin wa chifuwa chachikulu, amene amafulumizitsa chiŵindi kuchotsa metadoni.

Tsono alembi, akonzi ndi aphunzitsi asiyanitse mawu atatu. "Kuledzera" ndi kusokonekera kwa nzeru pa nthaŵiyo. "Chibaba" ndi matenda olakalaka mankhwala. "Kulandira chithandizo" ndi kumwa mlingo wolembedwa ndi dokotala. Kutchula wodwala kuti "wogwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo" kungamchotsetse ntchito popanda mlandu, kapena kumchititsa kubisa matenda ake, zimene zimawonjezera ngozi pamsewu. Kulembanso kuti mankhwala a kuchipatala alibe vuto pa chiwongolero n'kusocheretsa oŵerenga. Chofunika kufunsa n'chakuti: mlingo wakhazikika kodi, waphatikiza ndi chiyani, ndipo dokotala wanena zotani?