MUSANAKWERE KILIMANJARO, YAMBANI MWAPITA KU KILINIKI

Masiku ano ena a m'makomboni athu amasunga ndalama, kapena kusewera cilimba, kuti banja lonse likaone dziko la anzathu la Tanzania ndi kukwera Kilimanjaro, phiri lalitali kuposa onse mu Africa. Ganizo limeneli nlabwino, koma makolo ayenera kudziwa kuti pa phirili anthu amadwala, ndipo ena amafa. Kawirikawiri cimene cimawavulaza ndico kukwera mofulumira ndi kukana kubwerera pamene thupi layamba kudandaula.

Phirili liri mu paki yochedwa Kilimanjaro National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1973, pafupi ndi tauni ya Moshi. Nsonga yake, Uhuru Peak, iri pa mamita 5,895 kucokera pa nyanja ya mcere. Lusaka ali pa mamita pafupifupi 1,300, ndipo mapiri a Mafinga, amene ndiwo atali koposa muno m'Zambia, amangopitirira pang'ono mamita 2,300. Matenda a m'mwamba mwa phiri amayamba kawirikawiri munthu akapitirira mamita 2,500. Motero palibe malo m'dziko lathu pamene thupi lingazolowere mpweya wa kumeneko. Tonsefe tikafika pa Kilimanjaro tiri alendo.

CIMENE CIMACITIKA M'THUPI

Munthu akamakwera, mpweya umanka nupepuka. Pa nsonga ya Kilimanjaro, kupuma kumodzi kumalowetsa okosijeni wokwanira theka cabe la amene munthu amapeza m'mbali mwa nyanja. Thupi limayesa kudzithandiza: munthu amapuma mofulumira, mtima umagunda kwambiri, ndipo amakodza pafupipafupi. Koma kuti thupi lizolowere pamafunika masiku. Likapanda kupatsidwa nthawi, pakapita maora 6 mpaka 12 mutu umayamba kuwawa, cakudya sicikoma, munthu amamva mseru ndi cizungulire, ndipo tulo sitibwera.

Matendawa sayang'ana mphamvu. Mnyamata wosewera bola tsiku ndi tsiku angadwale pamene amai ake oyenda pang'onopang'ono ali bwino. Ndipotu anyamata ndiwo amagwa m'vuto msanga cifukwa cothamangira kutsogolo.

YAMBANI NDI KILINIKI

Tinene kuti banja liri ndi atate a zaka 52 amene amamwa mankhwala a BP, amai, mtsikana wa zaka 17 ndi cijaza wa zaka 9. Wamng'onoyo atsale kwa ambuye ake, pakuti malamulo a paki salola mwana wosakwanitsa zaka 10 kukwera mpaka pa nsonga. Ngakhale mwana wopitirira zaka zimenezi amafunika kumuyang'anira, cifukwa ana ambiri amabisa ululu poopa kukhumudwitsa makolo.

Otsalawo apite ku kiliniki patatsala miyezi iwiri kapena itatu. Atate akapimitse BP ndi mtima, ndipo adotolo ndiwo anene ngati angapite. Amai ndi mtsikana akapimitse magazi, pakuti magazi ndiwo amanyamula okosijeni, ndipo munthu wocepa magazi amavutika msanga. Amene ali ndi matenda a sickle cell asakwere konse. Amene anabadwa ndi mbeu yake cabe, ngakhale samadwala, auze adotolo, popeza m'mwamba kapamba angatupe ndi kuwawa. Mai wapakati, munthu wodwala mtima, wa cifuwa ca asima cimene sicinakhazikike, kapena amene anadwalapo TB mapapo nawonongeka, asanyamuke popanda cilolezo ca adotolo. Wa matenda a shuga akumbukire kuti insulin imawonongeka ikaundana. Aisunge m'thumba la mkati, pafupi ndi thupi.

Pali mankhwala ochedwa acetazolamide, amene ambiri amawadziwa ndi dzina lakuti Diamox, othandiza thupi kuzolowera msanga. Amacititsa dzanzi ku zala ndi kukodza pafupipafupi. Musagule pa msika; funsani adotolo, makamaka ngati thupi lanu limadana ndi mankhwala a gulu la sulfa. Funsaninso za katemera ndi za mankhwala oteteza malungo, cifukwa ku Moshi ndi m'njira monse udzudzu ulipo.

KUKONZEKERA KUNYUMBA

Pa miyezi itatu yotsala, banja lonse liziyenda pansi masiku atatu kapena anai pa sabata, ndipo Loweruka liziyenda maora anai kapena asanu aliyense atabereka cola. A ku Chipata ali ndi mwai wa mapiri ozungulira tauni yao. Kuyenda kumeneku kumalimbitsa miyendo ndi mtima, koma sikuteteza ku matenda a m'mwamba.

Pa nsonga kumazizira mpaka madzi kuundana m'botolo. Zovala zofunda zimapezeka pa salaula: majuzi, jekete yosalowa mvula, magolovesi, cisote ca ulusi ndi masokosi ocindikala. Valani zovala zingapo zosanjikiza, kuti mukamva kutentha muvuleko cimodzi. Nsapato mugule msanga ndi kuziyendera kuno kwathu, pakuti nsapato yatsopano imaturutsa matuza tsiku loyamba lomwe. Musaiwale tochi, magalasi a dzuwa ndi mafuta oteteza khungu. Dzuwa la m'mwamba limawaula ngakhale khungu lakuda. Nyengo zabwino ndi June mpaka October, ndiponso January ndi February, pamene mvula imacepa.

TSIKU LIMODZI LOWONJEZERA

Paki salola munthu kukwera popanda wotsogolera wa laisensi. Njira yodziwika kwambiri ndi ya Marangu, imene iri ndi tinyumba togonamo: Mandara pa mamita pafupifupi 2,700, Horombo pa 3,700 ndi Kibo pa 4,700. Onani kuti tsiku lirilonse malo ogona akukwera ndi mamita 1,000. Koma akatswiri a zaumoyo amalangiza kuti munthu akapitirira mamita 3,000, malo ogona asakwere kuposa mamita 500 pa usiku umodzi. Ndiye kuti njirayi imathamangitsa thupi.

Ulendo wa Marangu umagulitsidwa wa masiku asanu kapena asanu ndi limodzi. Wa masiku asanu ngwochipa, ndipo banja lowerengera ngwee limakopeka nao. Sankhani wa masiku asanu ndi limodzi, umene umakupatsani usiku waciwiri pa Horombo kuti thupi lizolowere. Ngati ndalama sizikwana, ndi bwino kudikira caka camawa.

Otsogolera a kumeneko amakonda kunena m'Ciswahili kuti "pole pole", kutanthauza pang'onopang'ono. Amvereni. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Imwani madzi malita atatu kapena anai pa tsiku, owiritsa kapena othira mankhwala. Idyani ngakhale simukumva njala. Mowa ndi mapiritsi ogonetsa zimacepetsa kupuma usiku, zisiyeni.

ZIZINDIKIRO ZOOPSA

Mutu ukawawa pang'ono, imani pomwepo, pumulani, imwani Panadol, ndipo musakwerenso kufikira mutacira. Koma pali zizindikiro zimene siziyenera kudikira kuti kuce. Munthu akamapuma mobanika ngakhale ali cikhalire, akamatsokomola makhololo a thovu kapena ofiirira, milomo nkuda, ndiye kuti madzi alowa m'mapapo. Akamayenda dzandidzandi monga woledzera, kulankhula zosamveka kapena kugona tulo tosadzutsika, ndiye kuti ubongo watupa. Muyeseni kuyenda mu mzere woongoka, cidendene cikugunda zala za phazi linalo. Akalephera, vuto lakula. Zonse ziwirizi zingaphe m'maora ocepa.

Mankhwala ake aakulu ndi kutsika, ngakhale pakati pa usiku. Kutsika mamita 500 mpaka 1,000 kumathandiza kwambiri. Wodwala asatsike yekha, ndipo akafika pansi apite ku cipatala. Ku Moshi kuli cipatala cacikulu ca KCMC.

PANGANO LA PABANJA

Cobvuta kwambiri ndi ici: pafupi ndi nsonga, aliyense amaganiza za ndalama zimene zapita ndi zimene anansi adzanena. Atate amacita manyazi kubvomera kuti alephera pamaso pa ana, ndipo mwana amaopa kuwononga ulendo wa makolo. Ncifukwa cake banja likhale pansi lisanacoke panyumba ndi kupangana zinthu zitatu. Aliyense azinena zoona za m'mene akumvera m'mawa ndi madzulo. Wotsogolera akati tsikani, palibe kutsutsa, ngakhale atate. Mwana akadwala, adziwike kale kholo limene lidzatsika naye.

Mukabwerera kwanu, wina akatentha thupi, musaganize kuti nkutopa kwa phiri. Pitani naye ku kiliniki tsiku lomwelo akapimidwe malungo.