Za Vinyo wa Masuku: Muyambe ndi Kamtsuko

Inu eni nyumba, Disembala akafika masuku amangoolera pansi. Mukafuna kuyesa vinyo wake, musayambe ndi mbiya yaikulu, pakuti shuga ngwa ndalama, ndipo mbiya ikasasa mwataya chakudya cha ana.

Tolani masuku akupsa, osati owola, muchotse nthangala ndi makoko. Wiritsani madzi malita 4, musungunulemo shuga kilogalamu 1. Atazirala, thirani masukuwo pamodzi ndi yisiti pang'ono mumtsuko wotsuka bwino. Chitini chachitsulo ayi, chimaipsa kukoma. Mangani nsalu pakamwa. Musapeputse nsaluyi, chifukwa tintchentche timene timakonda zipatso ndito timadza ndi msaso.

Pakapita masiku 7 sefani, nimuthire m'mabotolo, koma musatseke zolimba thovu lisanaleke: yisiti ikamadya shuga imatulutsa mpweya, ndipo botolo lotsekedwa lingaphulike ndi kulasa mwana. Patatha mwezi lawani. Akakoma, yesani nthochi kapena chidede momwemo.

Akasasa musakhuthule. Ameneyo ndi vinyo wosasa, wothira m'ndiwo. Koma kumtcheza kachasu, kumeneko musayese konse.